Mkangano wa pa siwa ya agogo: kodi Mwana ndi wofanana ndi Atate?

Agogo anga aakazi anatisiya mu June, kwathu ku Dedza, ndipo amene munagonapo panja ku Dedza mwezi umenewu mukudziwa kuti moto wa pa siwa si wamwambo chabe, ukangotalikirana nawo pang'ono mano amayamba kugundana okha. Amayi a Chigwirizano anali m'nyumba ndi nyimbo zawo, ife azibambo tili panja tazungulira chitsa cha bulugamu chimene anyamata anachita kubweretsa pa ngolo madzulo ake. Nkhani za feteleza zinatha, za mpira zinatha, ena anayamba kuwodzera pa mabenchi omwe tinabwereka ku tchalitchi. Ndiye cha m'ma 1 koloko umo akulu ampingo ena, bambo achikulire ndithu a chipewa choluka, anati tiyeni tipemphere pang'ono tulo tichoke, n'kutseka pemphero lawo ndi mawu aja tinawazolowera tonse, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, Mulungu mmodzi. Tonse amen, kupatula munthu mmodzi.

Malume anga, mwana woyamba wa agogowo, ndi a Mboni za Yehova kuyambira ali mnyamata. M'mudzimo aliyense amadziwa, si nkhani. Bokosi anagula ndi iwo, chimanga chopita kuchigayo anatulutsa ndi iwo, koma nyimbo zathu sayimba nawo ndipo ena akamapemphera iwo amangokhala duu maso ali pamoto. Zikanathera pomwepo, koma msuweni wanga wina amene anali atalawako kachasu kuseri kwa khola anafunsa mokweza kuti, "Malume, nanga amen wanu ali kuti?"

Malume anaseka pang'ono n'kuti, "Mphwanga, sindingavomereze chinthu chimene mwini wake Yesu sananene."

Ineyo ndinakulira mu CCAP, kalasi ndinalowa, katekisma ndinaloweza, ndipo mpaka lero ndikadali komweko. Koma zomwe zinachitika usiku umenewo zakana kundichoka m'mutu, n'chifukwa chake ndati ndizilembe.

## Mavesi pa tochi ya foni

Akulu ampingo aja sanalole kuti mawuwo angodutsa. Anatulutsa Buku Lopatulika lawo m'kachikwama, lakalekale lomata ndi selotepi kumsana, malume nawo anapisa m'jumbo n'kutulutsa Baibulo lawo, ndiye ine n'kusanduka wogwira tochi ya foni, kuwalitsa uku, kuwalitsa uko, chala chili pavesi.

Malume anayamba ndi Yohane 14:28, pomwe Yesu akunena yekha kuti Atate ndi wamkulu kuposa iye. "Mwaona abambo? Sindinalembe ine." Akulu aja anabweza ndi Yohane 10:30, Ine ndi Atate ndife amodzi. Malume osachedwa anatembenuza masamba kupita pa chaputala 17 pomwe Yesu akupempherera ophunzira ake kuti akhale amodzi monga iye ndi Atate ali amodzi, n'kufunsa kuti ndiye Petulo nayenso ndi Mulungu eti? Akulu aja anapita kwa Tomasi, Yohane 20:28, munthu uja wokayikakayika ataona mabala akuti Ambuye wanga ndi Mulungu wanga, ndipo Yesu sanamuletse, pomwe mngelo wa m'buku la Chivumbulutso Yohane atafuna kumugwadira anamuletsa pompo. Malume anati tisapite kutali, chaputala chomwecho vesi 17, Yesu akuuza Mariya kuti akukwera kwa Mulungu wake ndi Mulungu wathu. "Mulungu angakhalenso ndi Mulungu wake?"

Anthu amene ankawodzera aja anadzuka onse. Zinali ngati zosangalatsa ndithu, wina akaponya vesi anyamata n'kumati eeeh, wina akabweza n'kumati apo ndiye wamupeza. Koma kunena zoona mavesi amenewa sankasuntha munthu aliyense, onse awiri ankawadziwa kale a mnzake, ankangodikira kuti afike.

Chimene chinagwedeza anthu si vesi. Malume anatseka Baibulo chala chili mkati n'kufunsa gulu lonse, "Kwathu kuno, alipo anaonapo mwana wofanana zaka ndi bambo ake? Ngati ali Mwana, ndiye kuti inalipo nthawi imene Atate analipo okha iye kulibe." Ndinaona azibambo a mpingo wathu womwe akugwedeza mitu, ena osazindikira n'komwe kuti akugwedeza. Nanga si ife tinakula tikulandira chinthu kwa bambo ndi manja awiri, mpando wa bambo sukhalapo ngakhale apite ku Lilongwe mwezi wathunthu. Kumva kuti mwana ndi wofanana ndi bambo ake, m'khutu mwathu muno zimamveka ngati chipongwe basi.

## Kutuma ndi kubwera

Apa ndikuyenera kukuuzani kanthu kena. Agogo anali ndi mwana wina wamwamuna, chitsirizira, amene ali ku Johannesburg zaka zambiri tsopano. Sanabwere pamaliro, nkhani za mapepala, akatuluka sadzalowanso. Anatumiza ndalama pa foni, zambiri ndithu, n'kukweza mwana wake basi kuti adzamuyimire. Koma tsiku lonse kumene amayi ankaphikira kuja nkhani inali yomweyo, monong'ona, akuti mayi ako okubala ungatumize mwana?

Akulu ampingo aja anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Achimwene, mundikhululukire ndikhudze za m'banja mwanu. Lero anthu akhala akung'ung'udza za mng'ono wanu wa ku Joni uja. Ndalama watumiza, mwana wamutuma, koma anthu akuti chiyani? Akuti sanabwere. Pamaliro pali kutuma ndipo pali kubwera, tonse pano tikudziwa kusiyana kwake. Ndiye funso langa ndi ili, pamene dziko lonse linali pamaliro chifukwa cha uchimo ndi imfa, Mulungu anatuma kapena anabwera? Ngati Yesu ndi wolengedwa ngati angelo, kaya akhale wamkulu wa angelo onse, ndiye kuti Mulungu anakhala kwawo n'kungotumiza chipepeso. Ine Mulungu amene ndimamupembedza anabwera yekha kudzagona nafe panja pano."

Mumtima ndinati basi, yatha iyi, palibenso chobweza.

Malume anakhala chete nthawi yaitali. Amene ndinu achichepere mwina mumangomva, koma boma la Kamuzu linaletsa a Mboni mu 1967, ndipo gwero lake silinali za Utatu ayi, chiphunzitso chija chakuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi Mulungu mmodzi, inali nkhani ya kukana kugula makadi a chipani. Mu 1972 zinthu zitafika poipa anthu masauzande anathawira ku Zambia, ku msasa wa Sinda Misale, ena pambuyo pake ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinadzachoka mu 1993. Ife m'banjamo tinkadziwa kuti malume anathawa nawo ndipo nyumba yawo inaotchedwa, koma iwo sankakonda kuzikamba.

"Abambo," anatero, mawu ali pansi, "ine ndinakwirira mwana ku Sinda Misale. Wamwamuna, anali asanayambe n'kuyenda komwe. Madzi a kumeneko anali oipa, anatsegula m'mimba masiku owerengeka, basi. Tsiku limenelo akanabwera munthu n'kundiuza kuti sankha, ufe iwe kapena mwanayu, mukuganiza kuti ndikanachedwa kuyankha? Kupita wekha n'kosavuta abambo. Chovuta n'kupereka mwana, iwe n'kutsala ukuona. Ndiye musandiuze kuti Yehova potuma Mwana wake anatumiza chipepeso."

Palibe anati eeeh. Msuweni wanga wa kachasu uja anadzuka n'kukasonkhezera moto ngakhale unali ukuyaka bwinobwino. Akulu ampingo anangoti, "Pepani achimwene, sindinkadziwa," n'kuvalanso chipewa chawo. Ine ndinazimitsa tochi. Patapita kanthawi atsikana anabwera ndi ndowa ya tiyi, nkhani n'kubwerera ku feteleza.

## Unayambira ku Africa konkuno

Nditabwerera kutauni ndinathera mabandulo angapo pa nkhani imeneyi, ndipo chinandiseketsa n'chakuti funso la malume lija la zaka za mwana ndi bambo ake lili ndi zaka zoposa 1,700, ndipo amene analifunsa koyamba mokweza anali munthu wa ku Africa. Dzina lake Arius, kwawo ku Libya, wansembe mu mzinda wa Alexandria ku Egypt. Cha m'ma 318 anayambana ndi bishopu wake Alexander pa mfundo yomweyi, iye ankati Mwana ndi wamkulu kuposa zolengedwa zonse, zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, koma naye ali ndi chiyambi, inalipo nthawi pamene kunalibe. Ndipo mkuluyu ankadziwa kufalitsa uthenga, mfundo zake anaziika m'nyimbo kuti anthu wamba aziyimba, mpaka mkangano wa ansembe unafika m'misika.

Mfumu ya Roma, Constantine, inaona kuti mpingo ugawika ndipo ufumu wake ugawikira limodzi, ndiye mu 325 inaitana mabishopu ku Nicaea, komwe lero kumatchedwa Iznik m'dziko la Turkey. Kumeneko ndi kumene kunachokera mawu aja anzathu a Katolika ndi a Anglican amanena pa mapemphero a Lamulungu, akuti Mwana ndi Mulungu weniweni wochokera kwa Mulungu weniweni, wobadwa osati wolengedwa. Mabishopu awiri okha ndi amene anakanitsitsa kusaina mpaka mapeto, onse a ku Libya, ndipo anapirikitsidwa limodzi ndi Arius. Amene anadzamenyera nkhondo mfundo ya ku Nicaea moyo wake wonse analinso wa ku Egypt komweko, Athanasius, yemwe pamsonkhanopo anali chabe dikoni wachinyamata woperekeza bishopu wake, n'kudzakhala bishopu wa Alexandria mu 328. Za Mzimu Woyera anadzazimaliza bwino pa msonkhano wina ku Constantinople mu 381.

Tisalakwitse apa, a Mboni sanena kuti amatsatira Arius, iwo amati amatsatira Baibulo basi, ndipo pali zina zomwe amasiyana naye. Kuno kwathu mbewu ya a Mboni inabwera ndi Elliot Kamwana amene mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu masauzande ku Nkhata Bay ndi mabuku a Watch Tower m'manja, atsamunda asanamuchotse m'dziko. Koma pa funso lakuti Mwana ali ndi chiyambi kapena ayi, malume anga ndi Arius akanamwera limodzi tiyi osakangana.

## Chimene malume ananena osadziwa

Chomwe chakhala chikundizungulira m'mutu ndi ichi. Mawu a malume aja anatigwira tonse pakhosi chifukwa chiyani? Chifukwa amene anamukwirira ku Sinda Misale uja anali mwana wawo, magazi awo. Nyumba yawonso inapsa, ndipo anaimanga okha ndi manja awo, koma za nyumbayo akamakamba mawu satsika chonchija, anadzamanga ina. Chimene munthu wapanga ndi chosiyana naye, akhoza kupanganso china. Chimene munthu wabereka ndi cha mtundu wake womwewo. Mwana wa malume uja anafa asanayambe kuyenda, koma sanali munthu mwatheka, anali munthu yense ngati bambo ake.

Ndiye ndikabwerera ku mawu a ku Nicaea aja, wobadwa osati wolengedwa, ndikuona kuti anthu aja ankateteza chinthu chomwecho chimene malume ankateteza pamoto paja. Ngati Mwana ndi wolengedwa, ngakhale woyamba, ngakhale wokongola kuposa onse, ndiye kuti Mulungu anapereka chinthu chimene anapanga, ndipo amene analenga kamodzi sangalephere kulenganso. Kulemera kwa Yohane 3:16 kumachoka. Koma ngati ndi wobadwa, wa mtundu womwewo wa Atate, ndiye kuti mawu a malume ndi oona mpaka pansi, Mulungu anapereka za mumtima mwake, ndipo mawu a akulu ampingo aja nawonso ndi oona, amene anafika kwa ife ndi Mulungu, osati nthumwi.

Ine mmene ndikuonera, akulu ampingo aja anatsala pang'ono kugwa mbali ina. Mmene ankalankhulira zinkamveka ngati Atate ndi amene anavala thupi n'kubwera, ngati palibe wotuma ndi wotumidwa, ndipo mpingo wakale unakananso chiphunzitso chimenecho, cha mphunzitsi wina dzina lake Sabellius, zaka zambiri Arius asanatchuke. Chilipobe mpaka pano, mumawamva ena pa wailesi akuti Atate, Mwana ndi Mzimu ndi mayina chabe a munthu mmodzi. Zikanakhala choncho ndiye ku Getsemane Yesu ankapemphera kwa ndani? Malume anali ndi mfundo kuti pali wopereka ndi woperekedwa, awiri enieni. Akulu aja anali ndi mfundo kuti Mulungu sanaonerere ali patali. Chiphunzitso cha Utatu chimakana kutaya imodzi mwa mfundo ziwirizi, n'chifukwa chake chimavuta kufotokoza kwa mwana wa Sande sukulu, ndipo aphunzitsi ambiri akafunsidwa amangothamangira kunena kuti ndi chinsinsi cha Mulungu, zomwe ine zimandinyansa pang'ono chifukwa a Mboni akagogoda pageti Loweruka m'mawa mwanayo adzangoti kakasi.

Nanga za zaka zija, kuti bambo amayamba ndiye mwana pambuyo? Yankho la Athanasius ndi anzake linali lakuti ife timabereka mkati mwa nthawi chifukwa ndife anthu, timayamba ndife ana, kenako n'kudzakhala makolo. Mulungu sanayambe wakhala mbeta n'kudzakhala Atate pambuyo pake. Ngati ndi Atate kuyambira kalekale osasintha, ndiye kuti Mwana analipo nthawi zonse, popeza palibe amene amatchedwa bambo popanda mwana. Ndipo Yohane 1:3 akuti palibe chinthu cholengedwa chimene chinalengedwa popanda iye, ndiye nthawi imene malume akuti Mwana kunalibeyo, anailenga ndani?

## Mavesi aja sanachoke m'Baibulo

Sindikunena kuti ndawapeza malume. Yohane 14:28 akadali pomwepo. Marko 13:32 ndiye wovuta kwambiri, pomwe Yesu akuti za tsiku lomaliza sadziwa angelo, sadziwa Mwana, koma Atate okha. Mpingo umayankha ndi Afilipi 2, kuti iye amene anali m'maonekedwe a Mulungu anadzikhuthula n'kutenga maonekedwe a kapolo, ndiye mawu oterewa akulankhula ngati munthu weniweni amene ankamva njala, ankatopa, ankagona m'ngalawa. Ine yankho limeneli ndimalilandira, koma ndikumvetsa chifukwa chake munthu wowerenga yekha Baibulo lake moona mtima akhoza kufika pamene malume anafika. A Mboni nawo ali ndi mavesi awo owavuta, Tomasi uja sanachoke, ndipo Stefano akuponyedwa miyala anapemphera kwa Yesu kuti alandire mzimu wake, Myuda amene ankadziwa bwino lomwe kuti kupemphera ndi kwa Mulungu yekha. Aliyense ali ndi masamba amene amawatembenuza mofulumira.

## Nanga si ndi boma linasankha?

Mwana wa malume, msuweni wanga wina amene timagwirizana kwambiri, nayenso ndi wa Mboni, ndipo nkhaniyi tinaipitiriza pa WhatsApp. Iye mfundo yake yaikulu inali yakuti Utatu unabwera ndi boma, Constantine ndi amene anaitanitsa msonkhano, ndi amene anapirikitsa okana kusaina, ndiye chiphunzitso chokakamizidwa ndi mfumu chingakhale bwanji cha Mulungu. Kwa munthu wa m'banja limene linathawa kwawo chifukwa cha khadi, mukumvetsa kulemera kwa mfundo imeneyi.

Ndinamuyankha kuti aone zimene zinachitika msonkhanowo utatha. Constantine yemweyo anadzasintha mtima, anamuitanitsa Arius kuchoka komwe anamupirikitsira, ndipo mu 335 amene anapirikitsidwa anali Athanasius, mpaka ku Trier, m'dziko la Germany la lero. Constantine pomwalira mu 337 anabatizidwa ndi Eusebius wa ku Nicomedia, mnzake wa Arius. Mwana wake Constantius anakondera mbali yokana Nicaea ndipo anakakamiza mabishopu kusaina zikalata zina. Athanasius anathamangitsidwa pa udindo wake kasanu, ndi mafumu anayi osiyanasiyana, nthawi ina n'kukabisala m'chipululu kwa amonke. Ndiye ngati tikufuna munthu wokana kusaina pepala la boma m'nkhani imeneyi, kwa zaka zambiri munthuyo anali wa mbali ya Utatu. Ndinalemba zonsezi ndikudzimva kuti ndagoletsa.

Iye anangobweza mawu awiri, nanga Servetus?

Michael Servetus anali dokotala wa ku Spain amene analemba mabuku otsutsa Utatu. Anathawa m'manja mwa a Katolika ku France, n'kukagwidwa ku Geneva, mzinda wa John Calvin, ndipo mu 1553 anamuotcha wamoyo. Calvin anatenga nawo mbali pomuimba mlandu, ngakhale anapempha kuti amuphe ndi lupanga m'malo mwa moto. Ndipo ife a CCAP, kaya ndi a Nkhoma amene tinachokera kwa amishoni a Dutch Reformed omwe anayamba ku Mvera mu 1889, kaya a Blantyre ndi Livingstonia ochokera ku Scotland, mizu yathu yonse imakafika kwa Calvin yemweyo. Komanso si kuti zinayamba ndi iye, mfumu Theodosius mu 380 inali itakhazikitsa kale lamulo lakuti chikhulupiriro cha ku Nicaea ndicho chovomerezeka, enawo n'kuyamba kulandidwa matchalitchi. Mbali iliyonse itapeza mfumu yoikonda inagwiritsa ntchito asilikali.

Ndinamulembera kuti eya, zimenezo zinachitikadi ndipo n'zonyansa, koma moto wa ku Geneva sutiuza ngati Mwana ali wobadwa kapena wolengedwa, monganso kupirikitsidwa kwa Athanasius sikutiuza. Anandiyankha ndi chithunzi cha kapepala koitanira anthu ku msonkhano wawo wachigawo, akuti ndibwere ndidzamve ndekha. Ndinamuuza kuti ndibwera tsiku limene iye adzabwere ku Mgonero kwathu, ndipo tonse tikudziwa kuti palibe apite.